Woweruza Alibe Mbale: Moyo ndi Ntchito ya Jaji Anastasia Msosa

 

Pa tsiku lotere timakumbutsana za magule, za ng'oma, za zakudya ndi zovala za makolo athu, ndipo kutero n'koyenera. Koma pali chuma china chimene makolo adatisiyira, chimene sichivalidwa m'thupi: ndicho luso lozenga ndi kugamula milandu. Si mwangozi kuti malo amene Gule amatulukira ndi malo amene milandu imakambidwira ali ndi dzina limodzi, bwalo. Kwa makolo athu, mudzi wopanda chilungamo udali ngati mudzi wopanda mwambo. Tsono lero ndikamba za bwalo, ndipo ndidzera m'moyo wa munthu mmodzi amene adatumikira mabwalo a dziko lino zaka 40, Mayi Anastasia Msosa, mkazi woyamba kukhala jaji wa Khoti Lalikulu m'Malawi, amenenso adadzakhala mkazi woyamba kukhala Jaji Wamkulu wa dziko lonse. Chimene chandikokera kwa iwo ndi ichi: katatu konse, ntchito yawo idawafikitsa poti anene kapena achite chinthu chosakomera mtsogoleri yemweyo amene adawakhazika pampando, ndipo katatu konseko adachichita.

Tiyambe ndi bwalo la kwathu, pakuti kumeneko ndiko kuli muyeso umene tiwayezere. Akuluakulu muli panowa mukudziwa kuti mlandu sunkathamangira kwa mfumu. Unkayambira m'nyumba, kwa ankhoswa ngati udali wa banja, kapena kwa mwini mbumba ngati udali wa pachibale. Ukakanika kumeneko unkapita kwa nyakwawa, ndipo ukakula unkakwera kufikira kwa mfumu yaikulu. Pabwalopo wodandaula ankayamba ndiye, nafotokoza mpaka mawu amuthere. Kenaka woimbidwa mlandu ankapatsidwa nthawi yake, popanda womudula pakamwa. Mboni zinkaitanidwa, nduna zinkafunsa mafunso okhota, ndipo mfumu inkakhala chete, n'kudzayankhula pomalizira penipeni. Munthu sankaweruzidwa iye palibe. Chigamulo chikaperekedwa, cholinga chake chidali choti anthu awiriwo adzathe kupemphananso moto mawa. N'chifukwa chake chindapusa chinkakhala nkhuku, mbuzi kapena khasu, zinthu zobwezera chimene chaonongeka. Akuluakulu ankati mfumu ndi dzala, kutanthauza kuti imalandira zinyalala za mudzi wonse, zonunkha ndi zosanunkha, osasankha kuti izi zachokera kwa mbale wanga. Ankatinso mlandu sagula ndi chipanda cha mowa.

M'bwalo limeneli mawu a amayi adali ndi malo. Ufumu wa Kalonga unkadzera mwa Nyangu. Ku Msinja mvula inkapemphedwa kudzera mwa Makewana. Kufikira lero, pamene ufumu wagwa, amayi a mbumba ndiwo amaloza woyenera kulowa, ndipo anamkungwi ndiwo amamulanga mfumu watsopanoyo za kasungidwe ka anthu. Choncho mkazi wogamula nkhani zikuluzikulu si mlendo pa mwambo wathu.

Komabe tisakometse zakale mopitirira. M'mabwalo omwewo mudalinso mwabvi, ndipo mwabvi udapha anthu ambiri osalakwa, makamaka nkhalamba ndi anthu opanda owayankhulira. Mwabvi udali njira ya chidule yothawira ntchito yovuta yofufuza umboni. Boma la atsamunda lidauletsa ndi lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito.

Atsamundawo adabwera ndi mabwalo awoawo. Khoti Lalikulu lidakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mu 1933 adapereka kwa mafumu mphamvu ya lamulo yokhala ndi makhoti ozenga milandu ya mwambo ndi milandu ing'onoing'ono. Kuyambira pamenepo dziko lino lidakhala ndi mitsinje iwiri ya chilungamo, wina wa Chingerezi wa mabuku ndi mikanjo, wina wa pansi pa mtengo. Mu 1969, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre, boma la Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda lidasintha lamulo n'kupereka milandu ikuluikulu, monga ya kupha munthu, kenakanso ya kuukira boma, ku makhoti amene adatchedwa Traditional Courts. Ambiri mwa oweruza ake adali mafumu, ndipo ankati makhotiwo ndi a mwambo wathu. Koma taonani mmene ankayendera. Oweruzawo ankasankhidwa ndi boma, ndipo boma lomwelo linkatha kuwachotsa. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Kodi ndi bwalo liti la makolo limene munthu ankaimapo yekha, wopanda nkhoswa, wopanda malume womuyankhulira? Majaji achizungu a Khoti Lalikulu adatula pansi maudindo awo chifukwa cha kusinthaku.

Mlandu wodziwika koposa wa makhoti amenewo ndi wa Orton Chirwa, loya woyamba wachimalawi, ndi mkazi wake Vera, mkazi woyamba wachimalawi kukhala loya. Adagwidwa kumapeto kwa 1981, ndipo mu 1983 khoti la mtunduwu la chigawo cha kummwera lidagamula kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Orton adamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, ndipo Vera adatulutsidwa mu Januwale 1993. Ena sankafika n'kukhoti komwe. Pano pa Dowa pomwe, Dzaleka imene lero tikuidziwa ngati msasa wa anthu othawa kwawo kuyambira 1994, idali ndende imene anthu ankatsekeredwamo, ambiri popanda kuzengedwa mlandu. Sindikunena izi kuti ndinyoze mafumu amene adakhala m'makhoti aja, pakuti nawonso adali ndi mantha monga wina aliyense. Ndikunena kuti dzina la mwambo wathu lidabwerekedwa kuti likaphimbe ntchito imene mwambo weniweni ukadaikana.

M'nyengo imeneyo ndimo Mayi Msosa adakulira ndi kuphunzirira malamulo. Adabadwa mu 1950, dziko lino likadali Nyasaland. Masiku amenewo mtsikana wofika ku sekondale adali wosowa, ndipo makolo ambiri ankaona kuti fizi ndi ya mwana wamwamuna. Iwo adapitirira mpaka ku Yunivesite ya Malawi, namaliza maphunziro a zamalamulo ku Chancellor College ku Zomba mu 1975. Atamaliza adalowa ntchito ya boma, ndipo zaka zambiri adazithera ku nthambi yotchedwa Legal Aid, imene imaimira pamilandu anthu osatha kulipira loya. Ntchito imeneyo ilibe ulemerero. Amene amabwera pa ofesi yotero ndi mayi wamasiye wolandidwa katundu, wantchito wochotsedwa popanda malipiro, mlimi wokhala pa rimandi amene abale ake sadziwa ngakhale tsiku la mlandu wake. Loya wa anthu otere amaphunzira kumvetsera nkhani yosokonekera, yoyambira pakati, yonenedwa ndi misozi, kufikira atapezamo pamene pagona lamulo. Ndikhulupirira kuti sukulu yeniyeni ya uweruzi wawo idali imeneyo. Pambuyo pake adakhala Registrar General, mkulu wa ofesi imene inkalembetsa makampani ndi maina a malonda.

Mu 1992 adasankhidwa kukhala jaji wa Khoti Lalikulu. Kumbukirani kuti khotilo lidakhazikitsidwa mu 1902, kotero padapita zaka 90 mkazi asadakhalepo pampando umenewo. Chakacho chidali cha chivomezi. Pa 8 Malichi maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo yodzudzula kayendetsedwe ka dziko, ndipo pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Kuvala mkanjo wa ujaji m'chaka chotero kudali ngati kulowa ufumu mudzi uli pa moto.

Ndifotokozeko pang'ono ntchito ya jaji wa Khoti Lalikulu, pakuti ambiri a ife timangodziwa khoti la majisitireti la pa boma la Dowa, pa Mponela kapena pa boma la Ntchisi. Khoti Lalikulu lili ndi mphamvu yomva mlandu wa mtundu uliwonse. Milandu ya kupha munthu imapita kumeneko. Munthu amene sadakhutire ndi chigamulo cha majisitireti amakachita apilo kumeneko. Ndiponso khotilo lili ndi mphamvu younika lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma, kuti lione ngati chikugwirizana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Jaji wa khotili ndiye amaona mboni ndi maso ake. Amamva mawu akunjenjemera, amaona munthu akuzemba funso, ndipo amayenera kusiyanitsa wonama ndi wamantha, pakuti mlimi wa ku Nthondo kapena wa ku Chakhaza akaima koyamba m'khoti loyendetsedwa m'Chingerezi, mawu ake akudzera mwa womasulira, amanjenjemera ngakhale akunena zoona. Pa mlandu wa upandu, jaji sangamange munthu chifukwa chongomuganizira. A boma ayenera kupereka umboni wosasiya chikaiko chomveka. Akatha kumva zonse, jaji amalemba chigamulo chake pamodzi ndi zifukwa zake, kuti wogonjayo adziwe chimene wagonjera, ndi kuti khoti la pamwamba lithe kuona ngati walakwitsa. Muona kuti zambiri mwa izi ndi zomwe zija za pansi pa mtengo: imva mbali zonse ziwiri, funsa mboni, yankhula pomaliza. Chimene chidaonjezeka ndi cholembera.

Tsono tifike pa nthawi zitatu zija. Yoyamba ndi ya 1994. Pa 14 Juni 1993 dziko lidachita riferendamu, tambala wakuda kuimira chipani chimodzi, nyali kuimira zipani zambiri. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse adasankha nyali, koma kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi ambiri tidasankha tambala. Kumapeto kwa chaka chimenecho Jaji Msosa, atangokhala chaka chimodzi ndi miyezi pa ujaji, adapatsidwa udindo wotsogolera bungwe loyendetsa chisankho choyamba cha zipani zambiri chichokere ufulu wodzilamulira. Ntchitoyo idayamba dziko likununkha wonga, pakuti mu Disembala 1993 asilikali adali atangolanda zida a Payoniya. Kalembera wa ovota adayenera kuyambira pachiyambi penipeni. M'midzi mudali kuopsezana ndi kulandana ziphaso zovotera, ndipo bungwelo lidadzudzula poyera mchitidwe umenewo, ngakhale pamene ochitawo adali a chipani cholamula. Pa 17 Meyi 1994 anthu adavota. Bakili Muluzi adapeza mavoti 47 pa 100 aliwonse, Kamuzu 33, Chihana 19. Amene adagonja adali mtsogoleri yemwe adalamulira dziko zaka 30, yemwenso adawasankha Mayi Msosa kukhala jaji zaka ziwiri zokha m'mbuyomo. Mavoti adawerengedwa monga adaponyedwera. Tiyenera kunenanso kuti Ngwazi idavomera kugonja pa wailesi, ndipo mwa kutero idapulumutsa dziko ku mwazi. Ambiri a ife kuno tidagona ndi chisoni usiku umenewo, pakuti mbali yathu idagwa. Koma mavoti athu a tambala adawerengedwa onse, aphungu amene tidawasankha adakalowa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo palibe adatilanga chifukwa cha mmene tidavotera. Woweruza wolungama amateteza ndi wogonja yemwe.

Mu 1997, pa ulamuliro wa a Muluzi, Jaji Msosa adakwezedwa kupita ku Khoti Lalikulu la Apilo, kumenenso adali mkazi woyamba. Patapita zaka adaitanidwanso kukatsogolera bungwe la zisankho, pakuti Malamulo Oyendetsera Dziko, pa ndime 75, amanena kuti wapampando wa bungweli akhale jaji. Apa ndipo padagwa nthawi yachiwiri. Pokonzekera chisankho cha pa 19 Meyi 2009, a Muluzi, amene adali atalamulira kale kuyambira 1994 mpaka 2004, adapereka zikalata zawo kuti aimenso. Bungwe lotsogozedwa ndi Jaji Msosa lidawakana, potsata ndime 83 imene imaika malire a matemu awiri. A Muluzi adapita kukhoti, ndipo kutatsala masiku owerengeka kuti anthu avote, khoti lidagwirizana ndi bungwelo. Munthu yemweyo amene adawalengeza kuti apambana mu 1994 ndiye adawauza mu 2009 kuti khomo latsekeka.

Nthawi yachitatu ndi ya 2014. Mu 2013 Pulezidenti Joyce Banda adawasankha kukhala Jaji Wamkulu, kulowa m'malo mwa Lovemore Munlo, ndipo Nyumba ya Malamulo idavomereza monga lamulo lifunira. Chaka chotsatira, pa 20 Meyi, kudali chisankho chimene chidadzetsa mkangano waukulu. Mavoti akuwerengedwa, Pulezidenti adalengeza kuti wathetsa chisankhocho, koma Khoti Lalikulu lidaimitsa chilengezocho, kuwerenga n'kupitirira. Zotsatira zitatuluka, Mayi Banda adagonja, ndipo pa 31 Meyi 2014 Jaji Wamkulu Msosa adalumbiritsa Peter Mutharika. Makhoti amene iwo ankawatsogolera adakaniza mtsogoleri amene adawakweza, ndipo dzanja lawo lomwe lidapereka lumbiro kwa womugonjetsa. Mu 2015, atakwanitsa zaka 65 zimene lamulo linkaika pa nthawiyo, adapuma, ndipo Andrew Nyirenda adalowa m'malo mwawo.

Wina anganene kuti kumeneko n'kusayamika, kuti munthu sungalume dzanja limene lakudyetsa. Funso limeneli n'lofunika, chifukwa mwambo wathu umalemekeza kuthokoza. Koma taganizani za ufumu. Amayi a mbumba akaloza munthu kuti alowe ufumu, kodi amamuloza kuti azikawakondera pa milandu? Tsiku lolonga ufumu anamkungwi amamuuza kuti kuyambira lero anthu onse ndi ana ako, mfiti ndi mbala zomwe. Mfumu imene imagamula mokomera amene adaiika yanyoza amene adaiikawo, pakuti yasandutsa mpando wa mudzi kukhala mpando wa banja. Chimodzimodzinso jaji. Pulezidenti amasaina kalata yomusankha, koma lumbiro limene jaji amalumbira ndi la kuchita chilungamo kwa anthu a mtundu uliwonse motsata malamulo, mopanda mantha ndi mopanda kukondera. Ndime 103 imanena kuti makhoti akhale oima paokha, osalamulidwa ndi munthu kapena ulamuliro wina uliwonse. Kuthokoza koyenera kwa wokukhazika pampando ndiko kuugwira bwino mpandowo.

Sindikuti ntchito yawo idalibe odandaula. Mu 2009 a John Tembo, amene ambiri kuno tidawavotera, adakana zotsatira za chisankho, ndipo oonerera ochokera kunja adadandaula kuti wailesi ya boma idakondera chipani cholamula pa nthawi ya kampeni. Makhoti nawonso, pa nthawi yawo ndi lero lomwe, ali ndi matenda amene tonse tikuwadziwa: milandu kuchedwa zaka, mafayilo kusowa, anthu kukhalitsa pa rimandi, ndi mtunda wautali umene munthu wa ku Kasakula kapena ku Kayembe amayenda kuti akapeze Khoti Lalikulu ku Lilongwe. Makolo adati mlandu suwola, koma mboni zimamwalira ndipo mwini mlandu amakalamba. Munthu mmodzi sakadatha kuchiza zonsezi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chimene adasiya ndi chitsanzo, ndipo chitsanzo chimabala. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu a Khoti Lalikulu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Redson Kapindu ndi Mike Tembo, adathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri, ndipo Khoti la Apilo lidavomereza chigamulocho pa 8 Meyi. Mu Africa monse, ndi Kenya yokha imene idachitapo zotero m'mbuyomo, mu 2017. Kaya chigamulocho chidakukomerani kaya chidakuwawani, chidaonetsa kuti mbewu yofesedwa mu 1994 idamera.

Nanga zonsezi zikutikhudza bwanji ife a kuno, amene ambiri sitidzaponda m'Khoti Lalikulu? Zikutikhudza chifukwa milandu yambiri ya dziko lino siifika kwa jaji. Imathera pabwalo la nyakwawa, la gulupu ndi la Gogo Chalo. Inu mafumu athu ndinu oweruza oyamba a Malawi, ndipo pa anthu khumi amene amafuna chilungamo m'mudzi, ambiri amaona nkhope yanu yokha. Malamulo a dziko sadataye mwambo: ndime 26 imapatsa munthu aliyense ufulu wa chiyankhulo ndi chikhalidwe chake, ndipo ndime 200 imavomereza malamulo a mwambo, malinga ngati sakutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Tsono muyeso umene tawayezera Mayi Msosa ndi womwewo umene mbiri idzatiyezere ife.

Poyamba pali nkhani ya minda. Anthu tachuluka, nthaka siikula, ndipo fodya, soya ndi mtedza zasandutsa munda kukhala ndalama. Milandu ya malire yadzaza mabwalo athu. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidakhazikitsa makomiti a malo m'midzi, mmene amayi ayenera kukhalamo, ndi mabwalo a milandu ya malo otsogozedwa ndi mafumu aakulu. Mphamvu imeneyo ndi yaikulu, ndipo mayesero ake ndi aakulunso. Tsiku lidzafika, kapena lafika kale, pamene mbali ina ya mlandu kudzaima mwana wamasiye, mbali inayo munthu wa galimoto amene adathandiza pa mwambo wolonga ufumu wanu. Tsiku limenelo ndilo 1994 wanu.

Pali nkhani ya amayi amasiye. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pa lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira. Koma lamulo lili ku Lilongwe, pamene maliro ali m'mudzi, ndipo amene amaona mbuzi zikutulutsidwa m'khola tsiku lometa ndi nyakwawa. Mayi amene adakwatiwa chitengwa, mwamuna wake akamwalira, amakhala mlendo pakati pa eni mudzi, wopanda womuyankhulira. Pamenepo mfumu ikumbukire kuti ndi dzala la onse.

Pali nkhani ya nkhalamba zoganiziridwa ufiti. Mwabvi udatha, koma mtima wa mwabvi udakalipo: mwana akamwalira mwadzidzidzi, gulu limathamangira kunyumba ya agogo ndi miyala, popanda mboni, popanda kufunsa. Chimenecho si chilungamo cha makolo, ndiponso ndi mlandu pa malamulo a dziko. Munthu woganiziridwa cholakwa chilichonse apite naye kupolisi, kumene ndime 42 imalamula kuti aonekere kukhoti pasadathe maola 48.

Palinso milandu ya ufumu womwe. N'zomvetsa chisoni kuti mabanja achifumu ambiri masiku ano akutengerana ku Khoti Lalikulu, kukapempha jaji kuti awauze mwini ufumu, nkhani imene amayi a mbumba ankaimaliza m'nyumba usiku umodzi. Jaji akalandira mlandu wotere amafunsa mboni kuti mwambo wa ufumu umenewo umati chiyani. Mboni zikanama chifukwa cha ndalama, bodzalo limalembedwa m'chigamulo, ndipo zidzukulu zidzaliwerenga ngati mwambo. Amene mukudziwa mibadwo ya maufumu athu, nenani zoona pamene mukadali ndi mpweya.

Pomaliza nditembenukire kwa inu asungwana ndi makolo anu, pakuti ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ili kumeneko. Chaka ndi chaka aphunzitsi timaona mipando ya atsikana ikutsala yopanda anthu pakati pa Fomu 1 ndi Fomu 4, ena chifukwa cha fizi, ena chifukwa cha mimba, ena chifukwa cha banja limene akulu adapangana. Kuyambira 2017 Malamulo Oyendetsera Dziko saloleza ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Mtsikana wobadwa mu 1950 akadachotsedwa sukulu kuti akakwatiwe, dziko lino likadasowa munthu amene adaliolotsa mu 1994, ndipo palibe akadadziwa chimene tataya. M'mera mpoyamba. Kuno kumene sukulu zidafika kale, ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, sitiyenera kukhala otsalira pa kuphunzitsa ana aakazi. Anamkungwi athu, pamene mukulanga anamwali za ulemu ndi ukhondo, muwalangenso kuti abwerere m'kalasi.

A Gogo Chalo ndi inu nonse, ng'oma zikalira posachedwapa, fumbi lidzakwera pabwalo lino ndipo tidzasangalala monga adasangalalira makolo athu. Mawa fumbilo likadzatsika, pabwalo lomweli padzakhala anthu awiri otsutsana, wina wamphamvu, wina wofooka, onse akuyang'ana pakamwa pa mfumu. Pempho langa ndi lakuti wofookayo azichoka pamenepo akunena kuti, ngakhale ndagonja, andimva. Mayi Anastasia Msosa adaonetsa kuti mwana wa dziko lino angathe kukhala pa mpando wapamwamba koposa wa milandu, nayang'ana amene adamukhazikapo, n'kunena chimene lamulo likunena. Nzeru imeneyo ndi yathu kuyambira kale, ndipo tiisunge pamodzi ndi ng'oma zathu.

 Mulungu adalitse mafumu athu, adalitsenso dziko lathu la Malawi.